Wodi ya Njerwa ndi Kanyumba ka Bango

Ine ndine mmisiri wa njerwa, kapena ndinene kuti ndinali, poti manjawa tsopano sagwiranso mpeni womangira osanjenjemera. Kwathu kuno kunyanja, kumpoto kwa Mtengula, anthu ankanditcha fundi. Ankanditchanso mayina ena ndikapereka msana, chifukwa mtima wanga unali wapachala ndipo kudikira sindinkakudziwa. Dothi likachedwa kufika pakhoma ndinkalalata. Munthu akayala njerwa mopotoka ndinkazigwetsa ndi phazi, mwini wake akuona. Ndanena izi poyamba kuti wowerenga asayese kuti nkhaniyi ikusimbidwa ndi munthu wofatsa.

Anali masiku a Kampani ya azungu imene inkalamulira dziko lathu, nkhondo ya Ajeremani itadutsa koma anthu asanaiwale njala yake. Pamishoni yathu panali chipatala, ngati dzinalo linali loyenera. Panali nyumba imodzi ya miyala yosungiramo mankhwala, ndipo kuseri kwake kunali tinyumba tadothi tofolera udzu, tomwazikana ngati nkhokwe. Wodwala aliyense ankalowa m'kanyumba kake pamodzi ndi womudwazika, mphika wake, ndi nkhuku ngati anali nayo. M'ming'alu ya makoma munali nkhufi zosaneneka. Dzinja likafika madenga ankadontha, wodwala n'kumangosuntha mphasa kufunafuna pouma. Wina akamwalira, abale ake ankagwetsa kanyumbako n'kutentha udzu wake, monga timachitira ndi nyumba ya womwalira aliyense kwathu kuno. Adona achizungu amene ankayang'anira odwala sankaletsa zimenezi. Ankati nkhufi sizimva mankhwala ena koma moto.

Chaka china sitima inabweretsa pulani yochokera ku Likoma, yojambulidwa ndi wansembe wina wodziwa zomangamanga. Adona anaiyala patebulo n'kuipsinja ndi mabotolo kuti mphepo isaiulutse. Nyumba ya miyala ija tinkayenera kuisasula denga, kukweza makoma ake, kenaka kulumikizako nyumba yaitali ya njerwa yogonamo amayi odwala, imene ankaitcha wodi. Makama akhale m'mizere iwiri, pakati pakhale mpata woti onyamula machira adutse osakhula munthu. Mazenera apenyane kuti mphepo ilowere uku n'kutulukira uko. Pansi pakhale pa simenti, potsetsereka pang'ono kuti madzi otsukira azituluka okha, ndipo ngodya zam'kati zikhale zozungulira, zopanda pobisala kachilombo. Kumapeto kwenikweni kwa wodiyo kunali chipinda chaching'ono cha odwala chifuwa, chokhala ndi khomo lakelake. Mbali ya kummwera kwa nyumba yakale ija kunali kachipinda kena koyezeramo magazi ndi makhololo. Masiku ano amati labotale, ife tinkangoti chipinda cha galasi.

Pulaniyo ndinaikonda ndisanamalize n'kuiona komwe. Ndinali nditatopa kuona zomanga za pachipatala zikuthera m'moto.

Chaka chomwecho mkazi wanga anali atayamba kutsokomola. Anali mkazi wamtali, wa pakamwa posachedwa, yekhayo m'dera lonselo amene ankatha kundizimitsa ndi mawu awiri. Ndikalowa m'nyumba ndikulalata za anthu aulesi, iye ankangofunsa kuti, "Afundi, mwawasiya amoyo?" Ine mkwiyo n'kuthera pomwepo. Chifuwacho poyamba tinkati ndi utsi wa powamba nsomba. Kenaka nsalu yake inayamba kumukulira m'chiuno, ndipo dengu la chinangwa limene kale ankalisenza akuyankhula tsopano ankalitula panjira kuti apume.

Adona anati tiyambe ndi chipinda cha galasi, poti adotolo ankangobwera ndi sitima mwa apo ndi apo, ndipo ulendo wotsatira ankafuna kudzapeza poika makina awo oonera tizilombo. Kachipindako kanali kakang'ono koma kovuta ngati mpongozi. Tebulo lake silinali lamatabwa. Linali mwala wosalala wokhala pa maziko akeake, osagundana ndi pansi poponda anthu, kuti munthu akamayenda makinawo asagwedere. Zenera lake linali lalikulu, loyang'ana kumene dzuwa sililowera mwachindunji, chifukwa chofunika chinali kuwala, osati kutentha. Mafelemu anapanga ndi kalipentala wa ku Meluluca, Msilamu wokhoma ngalawa, munthu wosathamanga ngakhale nyumba ikupsa. Ankapala thabwa akung'ung'udza kanyimbo, ine nditaima pambali mapazi akuyabwa.

"Afundi," ankatero osandiyang'ana n'komwe, "inu mumamanga ngati kumbuyo kwanu kuli njuchi. Khalani pansi. Thabwa silimva Chinyanja."

Adotolo atabwera anayala zinthu zawo pamwala wanga uja, n'kupondaponda pansi kuti aone ngati makina agwedera. Sanagwedere. Anandigwira chanza, ine mtima n'kukhala m'malo. Tsiku lomwelo adona anaitana mkazi wanga kuti alavulire m'kambale.

Mawa lake masana adotolo anandiitana m'kachipinda kaja. Anandiuza kuti nditseke diso limodzi ndisuzumire. Poyamba ndinangoona mbuu. Atapotoza pang'ono ndinaona tinthu tofiira, tating'ono, tokhotakhota ngati timinga ta usipa, tili mbwee. Anati timeneto ndi timene tili m'chifuwa cha mkazi wanga. Kuwala kumene ndinkaonera kunkalowera pazenera limene ndinaika ndekha, ndipo kunali kuwala kwabwino kwambiri. Ndinalakalaka ndikanaliika mopotoka.

Ndinafunsa za mankhwala. Chinyanja cha adotolo chinali chothyokathyoka, koma ndinamva. Anati mankhwala ochotsa timeneto kulibe. Chimene chingamuthandize ndi malo ouma, mphepo yabwino, chakudya ndi kupuma. Ena amatha zaka, ena ayi.

Ine m'mawu onsewo ndinatolamo awiri okha, malo ouma ndi mphepo yabwino. Ndinatuluka n'kukaima pamene panali zikhomo ndi zingwe za wodi. Chipinda cha kumapeto chija chinali chikadali udzu ndi chulu chaching'ono. Ndinadziuza kuti mvula isanagwe, mkazi wanga adzakhala akugona mmenemo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wosakhalika naye. Adona anamugoneka mkazi wanga m'kanyumba kamodzi ka tinyumba takale tija kuti azimuona tsiku ndi tsiku, mwana wathu wamkazi n'kumamudwazika. Tinyumba tinato tinkatigwetsa kamodzikamodzi wodi ikamatalika, mpaka kanatsala kake kokha. Ankakhala pakhomo pamphasa, atatsamira nsichi, n'kumaonerera ntchito. Ine ndikakhala pamwamba pakhoma ndinkamva chifuwa chake. Chikamveka, dzanja linkafulumira lokha.

Ndiye ngati dala, zonse zinayamba kuchedwa. Tili pakati pokweza makoma, asipayi, asilikali a Kampani, anafika m'mudzi n'kutenga amuna onse amphamvu kuti akalambule msewu ndi kusenza katundu wopita kumapiri. Anyamata anga oponda dothi anapita, owotcha njerwa anapita. Ansembe anayenda wapansi mpaka ku Mtengula kukadandaula, anabwerako ndi matuza okha. Ndinatsala ndi nkhalamba zingapo ndi amayi a mumpingo. Amayiwo ankasenza njerwa pamutu kuchokera ku uvuni, atayalana mumzere, ndipo sankandiopa ngakhale pang'ono. Ndikakuwa kuti afulumire ankayankha ndi nyimbo yonena za tambala wolira masana. Njereza tinkawotcha tokha, ndipo inkatidya zala mpaka kutuluka magazi. Malata ankayenera kubwera pa sitima, koma mphepo ya mwera inakuntha masabata ndithu, sitima osaoneka. Ndinkatsika pakhoma, kuthamangira kugombe, kuyang'ana kummwera, kubwerera, kukwera, kutsikanso. Chakudya ndinkadya choimirira. Kutchalitchi ndinkagwada ndi anzanga, koma maso ali pa mitanda ya denga, ndikuganiza za denga langa.

Makoma a chipinda cha kumapeto atafika m'chiuno, ndinaima n'kuyang'ana pulani. Mazenera onse anawajambula okwera mofanana, oti munthu woimirira ndiye aone kunja. Koma mkazi wanga sankayenera kudzaimirira mmenemo. Ndinasanja njerwa kutalika kwake ngati kama, n'kuyalapo matabwa, n'kugonapo chagada mutu nditaupendeketsa. Kalipentala uja anandipeza ndili choncho.

"Ndiitane adona? Afundi agwa nayo ntchito."

Ndinamuuza kuti asiye zoseka, agwire chingwe pakhoma n'kumachitsitsa mpaka nditamuuza. Anatsitsa, anatsitsanso, mpaka ndinaona njira yopita kumadzi, imene amayi amadutsa ndi mitsuko ndi madengu a chinangwa chokavika. Mkazi wanga ankakonda kudziwa amene wadutsa, wavala chiyani, akuyenda ndi yani. Kumuika poti azingoona thambo kukanakhala kumupha kawiri. Ndinaika chizindikiro pamenepo, ndipo kalipentala sanasekenso. Anapita kukapanga felemu lina lalitali.

Adona anazindikira tsiku lomwelo. Anali mayi wa maso akuthwa, woyenda ndi ndodo yoyezera ngati mphunzitsi.

"Fundi, zenera ili latsika. Pulani sikunena choncho."

"Pulaniyo sinagonepo pakama, adona."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kanyumba kakale kaja kumene kunkamveka chifuwa. Anapinda pulani yawo n'kuchoka. Nkhani ya zenera inathera pomwepo.

Amene anabweretsa nkhani ina anali alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, mwini mbumba. Anali msodzi, munthu wosayankhulayankhula. Anabwera tsiku lina masana akununkha nsomba, anazungulira wodi yonse, anagogoda khoma ndi nkhonya, anakankha ndi phewa. Ine ndinkayesa akusirira.

"Alamu," anatero, "nyumba iyi idzagwa bwanji?"

"Siidzagwa. Adzukulu a adzukulu anu adzaipeza."

"Basi ndiye ndamva bwino. Ndipo mukuti mlongo wanga adzagona mmenemu."

Ndinati inde, m'chipinda icho, pazenera apo.

"Nanga Mulungu akamuitana ali mmenemo, ife tidzagwetsa chiyani?"

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinawauza kuti ine ndikumanga kuti munthu achire, iwo akuyeza kale pomugwetsera nyumba. Ndinawauza kuti ndife Akhristu, zogwetsa nyumbazo n'zakale. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe pano. Iwo anangotola chipewa chawo chamlaza chimene chinagwa, n'kunena kuti nawonso ndi obatizidwa, ndipo nyumba ya amayi awo anaigwetsa ansembe akuona. Anapita kukakhala ndi mlongo wawo, n'kuyankhulana naye motsitsa mawu.

Atachoka ndinapita kwa mkazi wanga ndikadali wotentha. Ndinkayembekeza kuti tiseka limodzi za alamu ndi nzeru zawo za m'bwato. Ndinamufotokozera zonse, mawu anga n'kuwakometsera pang'ono. Iye anamvetsera akusenda nthochi imene sanaidye.

"Khoma lanu lakumpoto lija," anatero potsiriza, "ndikamaliona kuchokera pano likukhala ngati lapendekeka."

Silinapendekeke. Ndinakaliyeza ndithu, ngakhale ndinkadziwa kuti akungondichotsa pankhani. Ndinaganiza kuti sakufuna kunyoza mlongo wake pamaso pa mwamuna. Sindinaganize kupitirira pamenepo, chifukwa m'mawa mwake mwera unaleka ndipo utsi wa sitima unaoneka.

Malata tinakhoma mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Amuna ena anali atabwerako ku ntchito ya Kampani, owonda ngati nkhuni, ndipo ndinawakweza padenga asanapume n'komwe. Tinapaka njereza, tinasalaza pansi, tinathira madzi kuti tione ngati atuluka okha. Anatuluka. Kalipentala anapachika zitseko, chilichonse chotseguka ndi chala chimodzi. Makama anali amatabwa olukidwa ndi zingwe, miyendo yake itaima m'tizitini ta mafuta a nyale kuti nsikidzi zisakwere. Ansembe anati adzadalitsa nyumbayo Lamulungu. Ine sindikanatha kudikira Lamulungu. Kanyumba ka mkazi wanga kanali katadontha kale ndi mvula yoyamba, ndipo kanaima pamene pankayenera kudutsa ngalande.

Tinamunyamula pamachira masana, ine kutsogolo, kalipentala kumbuyo. Anali wopepuka moti ndinatembenuka kuti ndione ngati alipo. Tinadutsa naye m'wodi yonse kuti aone. Ankayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mukununkha ngati m'tchalitchi chatsopano. Tinamugoneka m'chipinda cha kumapeto. Anatembenuza mutu, ndipo zenera linali pamene ndinaliyezera, ndendende.

Anayang'ana kunja nthawi yaitali.

"Uyo ndi mkazi wa aphunzitsi," anatero. "Nsalu wavalayo si yake. Uyo winayo ali ndi pakati, koma akuyesa anthu sakuona." Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Chitatha anapukuta pakamwa. "Mwamanga bwino, bambo. Pano munthu sangasungulumwe."

Ndinamva ngati ndatula mwala umene ndinausenza chilimwe chonse. Ndinauza mwana wathu kuti akatenge mphasa, mphika ndi zofunda.

"Asatenge," anatero mkazi wanga. "Ndaona, basi. Ndibwezeni."

Ndinayesa sindinamve bwino. Ndinamufunsa ngati kama ndi wolimba, ngati mphepo yachuluka. Anati zonse zili bwino, koma iye sagona mmenemo.

"Ndi alamu akuuzani zimenezi."

"Achimwene sanandiuze kanthu. Ndine ndinawatuma kwa inu, poti ine mukanandimvera chisoni osandiyankha. Iwo munawayankha, ndipo ndinamva ndili pamphasa."

Ndinati chipindachi chili pachokha, chili ndi khomo lakelake, sichikhudzana ndi amayi enawo.

"Denga ndi limodzi," anatero.

Ndinayamba kunena za adotolo, za malo ouma, za anthu amene amatha zaka. Anandigwira dzanja, zala zake zikutentha.

"Bambo, inu munaona tinthu tija m'galasi kamodzi. Ine ndimatimva tsiku lililonse. Chaka chamawa chinangwa adzazula ndi ena. Ndikafera muno, mudzatani? Mudzachapa nsalu, mawa lake n'kugonekapo wina pamene ndafera ine. Ndine usipa wa pathandala, woti akaola uwu ayanikepo wina? Amayi anga nyumba yawo inapita nawo. Inenso ndikufuna yanga ipite nane." Anapuma pang'ono. "Ndipo uyo wapakatiyo, muyesa adzabwera kudzachirira m'nyumba imene woyamba kugonamo anatuluka wakufa? Mudzakhala mwamangira mileme."

Ndinati ndamanga nyumba yonseyi chifukwa cha iye. Ndinanena mokweza, moti mawu anabwerera kuchokera kumapeto ena a wodi yopanda anthu.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinkakuonani. Ndiye mundimangire ina. Yaing'ono, ya bango, yosadontha. Kapena afundi bango sadziwa?"

Ndinapita kwa adona kuti amulamule. Adona anati iwo ndi namwino, si asipayi, ndipo sangamange wodwala ndi chingwe pakama. Ananenanso, mosafuna kundiyang'ana, kuti amayi a m'midzi akhala akuwafunsa kuti nyumba yatsopanoyo adzatani nayo munthu akaferamo. Iwo ankangopemphera kuti oyamba kugonamo adzatuluke ndi miyendo yawo.

Ndinachoka pamishoni osauza munthu. Ndinayenda m'mbali mwa nyanja kulowera kummwera, kudutsa midzi, kudutsa anthu osoka maukonde amene ankandilonjera ine osayankha. Ndinkakangana naye mumtima njira yonse, ndipo mumtimamo ndinkapambana. Ndinali ndi mayankho abwino kwambiri. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira adona, ndinakwiyira wansembe wa ku Likoma amene anajambula nyumba yosagwa osafunsa kuti anthu a kuno amafa bwanji. Koposa onse ndinakwiyira mkazi wanga, ndipo kunena zoona mkwiyo umenewo sunathe wonse mpaka lero. Masiku ano anthu amafera m'wodi imeneyo, m'mawa mwake amasintha nsalu, palibe amene amafunsa za nkhwangwa yogwetsera nyumba. Anazolowera. Kaya anazolowera chifukwa iye anakana kukhala woyamba, kaya akanazolowerabe, sindidziwa, ndipo palibe amene angandiuze.

Nditafika padambo lina lalikulu ndinaona bango labwino, lokhwima, lowongoka. Ndinaima n'kumaliyang'ana monga mmisiri amayang'anira zinthu. Ndinabwereka chikwakwa pamudzi wapafupi.

Kanyumbako ndinakamanga pamalo okwera, moyang'anana ndi chipinda cha kumapeto. Sindinalole munthu kundithandiza kupatula kalipentala, amene anabweretsa nsichi za mtengo wosadyedwa ndi chiswe osandifunsa kanthu. Ndinakumba maenje akuya. Nsichi iliyonse ndinaiyeza ndi chingwe. Pansi ndinayala zidutswa za njerwa zotsala kuti chinyezi chisakwere, ndinakumba ngalande kuzungulira, bango ndinaliluka kawiri, mfundo iliyonse ya luzi ndinaikoka ndi mano. Udzu wa padenga ndinaufolera wochindikala kuposa wa nyumba ya ansembe. Ndinasiyanso kazenera kotsika koyang'ana kunjira ya kumadzi. Mkazi wanga ankaonerera ali pamphasa pansi pa mtengo wa mango.

"Afundi, mukumanga ngati ikhalitsa."

"Ine kumanga kwina sindikudziwa."

"Achimwene adzatukwana," anatero, n'kutseka maso akumwetulira.

Analowamo mvula yeniyeni isanayambe, ndipo simunadonthe ngakhale kamodzi. Wodi anaidalitsa. Masiku oyamba inali pululu, amayi ankangosuzumira pakhomo n'kubwerera. Kenaka anabwera wina wa chilonda cha pamwendo, anachira, anapita kwawo akuyenda. Anabwera wapakati uja, ndipo mwana atalira mkazi wanga anamva ali m'kanyumba kake n'kundituma kuti ndikafunse ngati ndi wamwamuna. Makama anayamba kudzaza. Chipinda cha kumapeto chokha adona anachisiya chopanda munthu, ngakhale odwala chifuwa analipo ndipo ankawagoneka pakhonde. Ine ndi adona sitinapanganepo zimenezo. Ankangochisesa m'mawa uliwonse n'kutsegula zenera.

Ine sindinaleke kufunsa. Ndikamubweretsera phala ndinkati chipinda chija chikadalipo. Iye ankati, "Mawa, bambo." Tsiku lina ndinamuuza kuti angogonamo masana okha, madzulo tizimubweza. Anati imfa siyang'ana dzuwa. Ntchito inali itatha, manja analibe chogwira, ndiye ndinkangozungulira kanyumbako, kukonza ngalande yosawonongeka, kusomeka udzu pamene sipankadontha. Ankandimva ali m'kati n'kunena kuti ndikhale pansi ndisanabowole dziko.

Anamwalira m'mawa wina chimanga chikumasula, mvula itangokata. Mwana wathu anali atapita kukatunga madzi. Ine ndinali pambali pake ndikumuuza za chitseko cha wodi chimene chinayamba kulira, ndipo ndinalankhula ndithu kanthawi ndisanazindikire kuti sakundimvanso. Nkhope yake inali italoza kukazenera.

Tinamuika kumanda a mpingo, ansembe anawerenga mawu, amayi osenza njerwa aja anaimba. Patapita masiku, tsiku lometa, alamu anabwera ndi amuna a mbumba yawo kudzagwetsa kanyumbako. Mwamuna wa malemu sagwira ntchito imeneyo. Ndinakhala pansi pa mango paja, mutu wometa kumene ukuzizira, n'kumaonerera.

Anakankha mbali imodzi, kanyumba kali chiimire. Anamanga chingwe cha khoka pansonga n'kukoka onse pamodzi ngati akukoka nsomba. Kanangolira pang'ono n'kubwerera m'malo. Wina anatema nsichi imodzi, nkhwangwa n'kudumpha. Amuna aja anayamba kutuluka thukuta, wina anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Alamu anabwera pamene ndinakhala, akupuma mwamphamvu.

"Alamu, mwamanga chiyani apa?"

Maso awo anali ofiira, ndipo sanali kukalipa. Anasolola mpeni wawo wotumbulira nsomba n'kundipatsa chogwirira chili kwa ine.

Ndinawauza onse kuti aime patali. Ndinalowa m'kati. Munkamvekabe fungo la mafuta amene mwana wathu ankamudzoza. Mfundo zonse ndinkazidziwa, poti iliyonse inadutsa m'mano mwanga. Ndinayamba ndi imene ndinamalizira, n'kumabwerera m'mbuyo, kudula pamene phaso ligwirana ndi mtanda, pamene mtanda ugwirana ndi nsichi. Sindinafulumire. Kalipentala anandiuza pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kundiona ndikugwira ntchito modekha. Nditadula yotsiriza ndinatuluka chafutambuyo, n'kuika dzanja pakhoma la bango, n'kukankha pang'ono. Kanagona pansi mwakachetechete, fumbi la udzu n'kukwera.

Fumbilo litatha panalibenso kanthu pakati pa ine ndi wodi. Zenera lotsika lija la chipinda cha kumapeto linali lotsegula. M'kati adona ankayala nsalu yoyera pakama, ndipo anthu awiri ankatsitsa pamachira mayi wina wachilendo, wowonda, amene anali atagona pakhonde masabata ambiri. Anamugoneka, anamufunditsa. Mayiyo anatsokomola, kenaka anatembenuza mutu n'kuyamba kuyang'ana amene ankadutsa panjira ya kumadzi.

Alamu anandifunsa ngati angayatse moto. Ndinawauza kuti adikire mphepo itembenuke, utsi ungalowe pazenera.